Zomwe zachitika nditafunsa za mankhwala osiyira fodya

Miyezi itatu yapitayo ndinafunsa ngati mankhwala othandiza kusiya fodya amagwiradi ntchito, popeza ndinali nditayesa kusiya pandekha kangapo koma osapitirira sabata. Ambiri munandilangiza kuti ndikaonane ndi dokotala kaye, ndipo ndinamvera.

Adokotala anandifotokozera njira zitatu. Pali zigamba zomata pakhungu ndi chingamu zokhala ndi nikotini wochepa (chinthu cha mu fodya chomwe chimayambitsa chibaba), pali mapiritsi a bupropion, komanso mapiritsi a varenicline. Bupropion anandiletsa chifukwa ndinadwalapo khunyu ndili mwana, ndipo mankhwalawa amatha kuyambitsa kukomoka. Ndiye tinasankha varenicline, amene amamwedwa masabata 12.

Ndinayamba kumwa sabata imodzi lisanafike tsiku losiya. Chodabwitsa n'chakuti ndudu zinayamba kusakoma ndisanasiye n'komwe. Mankhwalawa amakhala pamalo omwe nikotini amagwira muubongo, choncho chibaba chimachepa.

Nseru inandivutitsa masiku oyambirira, mpaka ndinaphunzira kumwa ndikangotha kudya, ndi madzi ambiri. Maloto achilendo nawonso analipo.

Chovuta chomwe chatsala ndi chizolowezi. Ndikatha kudya, dzanja limafunabe ndudu. Lero ndakwanitsa masiku 70 osasuta, ndipo mawa ndikaonananso ndi adokotala.