Zija ndinafunsa za mtengo wowola mkati

Ndinafunsa ngati pali njira yodziwira kuti paini wawola mkati tisanamugwetse, poti ocheka matabwa kuno ku Dedza timazindikira macheka atalowa kale. Njirayo ilipo: makina a X-ray onyamula pamanja.

Mbali imodzi ya thunthu mumaika chotulutsa cheza, mbali inayo cholandira chithunzi. Powola, pamphako kapena podyedwa ndi chiswe cheza chimadutsa mosavuta, ndiye pachithunzi pamasiyana ndi polimba. Misomali yokwiririka, ija imathyola mano a macheka, imaonekanso.

Koma thunthu lalikulu ndi laliwisi limatchinga cheza, chithunzi sichituluka bwino. Chezacho n'choopsanso m'thupi, pamafunika wophunzitsidwa. Kwa paini wa ku Chongoni, ine ndikuona kuti kugogoda ndi nkhwangwa n'kumvetsera kukadali kotchipa. Makinawa angathandize kwambiri poyeza mitanda ya denga la nyumba zakale.