Makotesheni anga akungothera mu spam, ndithandizeni

Mmisiri_Rosettenville

Abale, ndigawireniko nzeru. Ndimapanga makabati a kukhitchini ndi mawadirobu. Makasitomala anga ambiri ndi a ku Randburg ndi Fourways, kuno ku Johannesburg, ndipo amafuna kotesheni ya pa imelo, za WhatsApp amakana. Ndinagula domain yanga ya .co.za (dzina lija limabwera pambuyo pa @ pa adiresi ya imelo) kuti bizinesi izioneka yolongosoka. Koma ndikatumiza kotesheni, munthu amangoti zii. Ndikamuimbira akuti sanaione, n'kudzaipeza mu spam ntchito atapatsa kale wina. Zimandiwawa, chifukwa kuyeza khitchini n'kuwerengera mabodi ndi mahinji kumandithera tsiku lathunthu. Makotesheniwa amatumizidwa ndi pulogalamu ya ma invoice, m'dzina langa. Chodabwitsa n'chakuti imelo yolemba ndekha pafoni imafika bwinobwino.

Wa_IT_Braamfontein

Achimwene, gwero la vutoli mwalitchula nokha kumapetoko. Pulogalamuyo imatumiza kuchokera pa maseva ake, koma pamwamba n'kulembapo adiresi yanu. Seva yolandira imafuna umboni woti mwini domain anavomereza zimenezi. Ikausowa imakayika, chifukwa akuba a pa intaneti amachitanso chomwecho, makamaka ndi ma invoice abodza.

Umboniwo umakhala mu DNS, kaundula wa pa intaneti wa domain yanu, amene mumamusintha kumene munagula domain. SPF ndi mndandanda wa maseva ololedwa kutumiza m'dzina lanu. Chenjerani, domain imodzi iyenera kukhala ndi SPF imodzi yokha. Ambiri amawonjezera yachiwiri, zonse n'kusokonekera. DKIM ndi siginecha yobisika imene imaikidwa pa imelo iliyonse, ndipo kwa inu ndiyo yofunika kuposa zonse. Pitani mu settings ya pulogalamu ya ma invoice ija, mufune pamene akunena za kutsimikiza domain. Akupatsani mizere yoti mukaimate mu DNS ndendende mmene ilili. Mukatero muike DMARC, mzere wina wa mu DNS wouza seva yolandira chochita ndi imelo yosowa umboni, muyambe ndi p=none kaye (kutanthauza kuti isachite kanthu) kuti musatsekereze maimelo anu omwe.

Kuyambira February 2024, Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo. Ku Gmail aliyense wotumiza ayenera kukhala ndi SPF kapena DKIM, ndipo otumiza maimelo 5,000 patsiku ayenera kukhala ndi zitatu zonse. Inu simufika pamenepo, komabe ikani zonse.

Dzitumizireni kotesheni ku Gmail, muitsegule pakompyuta, mudine timadontho titatu tija, musankhe "Show original". Mudzatiuze zimene mwaona.

MayiWaCatering_Yeoville

Bambo, za DNS ndasiyira akatswiri, ine ndifunse china. Kodi pa Disembala simutumiza uthenga wa sipesho kwa makasitomala onse pakamodzi, mutawaunjika mu BCC, malo aja obisa maadiresi a olandira? Amalawi anzathu ambiri amakonda zimenezo. Munthu amene munamupangira kabati zaka zitatu zapitazo anakuiwalani kalekale, ndiye amangodina "Report spam". Akadina angapo, dzina la domain yanu laipa, mpaka makotesheni omwe amavutikira pomwepo. Komanso kuno ku South Africa kuli lamulo la POPIA, limene sililola kumangotsatsa malonda pa imelo kwa anthu oti sanavomere ndipo sanagulepo kanthu kwa inu.

Ine ndikatumiza kotesheni ya ukwati ndimalemba kauthenga pafoni nthawi yomweyo, koti ndatumiza, ngati siikuoneka ayang'ane mu spam n'kudina "Not spam". Ndimawapemphanso kuti andiyankhe pa imelo pomwepo, ngakhale mawu amodzi.

Mmisiri_Rosettenville

Zikomo mayi, ine sipesho sinditumiza. Achimwene a IT, ndayang'ana. SPF yalemba PASS, DKIM nayonso PASS, koma domain imene ikuoneka pambali pake si yanga, ndi ya kampani ya pulogalamu ija. Pafupi ndi dzina langa palinso mawu akuti "via". Ndiye kuti zili bwino?

Wa_IT_Braamfontein

Ayi, ndi pomwepo pali vuto. Siginecha ndi yawo pomwe adiresi ndi yanu, ziwirizi sizikugwirizana. Ikani DKIM ya domain yanu monga ndanenera, "via" uja achoka. Kusintha kwa DNS nthawi zina kumatenga mpaka maola 48, choncho musayese kamodzi n'kugwa ulesi. Kotesheni izikhala PDF, osati zip, ndipo mu imelomo muzilembamo ziganizo zingapo zotchula dzina la kasitomala ndi ntchito yake. Pakadali pano, koperani PDF ija muziitumiza nokha kuchokera pafoni, poti imeneyo ikufika.