Funso: tinthu toonekera mkati totulutsa utawaleza m'nyanja ya ku Durban, n'tiyani?

Mayi wa ku Rosettenville:
Abale muli pagulu pano, ndithandizeni. Mwezi wa December tikuperekeza ana a Sande sukulu kuchoka kuno ku Joni kupita ku Durban. Mlongo wanga wa kumeneko watumiza kavidiyo ka tinthu toonekera mkati, tobulungira, kukula ngati jamu, tikuyandama pafupi ndi miyala. M'mbali mwake muli timizere tothwanima mitundumitundu, ndipo kalikonse kakukoka tiulusi tiwiri. Iye akuti ndi jellyfish, nyama yofewa ya m'nyanja ija imaluma. Kodi n'zoona? Ana akagwira tinthuti, sitingawalume?

Bambo wa ku Turffontein:
Mayi, monga mwafotokozeramo, amenewo ndi ma comb jelly, osati jellyfish. Ndi mtundu wina wa nyama, ndipo amakhala m'madzi amchere okhaokha, n'chifukwa chake ku Salima kapena ku Mangochi simunawaonepo.

Chizindikiro chachikulu ndi mizereyo. Iwerengeni: imakhala 8, yochokera kumutu kutsikira kumunsi. Mzere uliwonse ndi timapeso ta tiubweya tambirimbiri timene timapalasa madzi motsatizana. Kuwala kukagunda timapesoto kumamwazika, ndiye mumaona utawaleza ukuthamanga mumzeremo. Chachiwiri, penyani kayendedwe. Jellyfish imafinya thupi n'kulimasula, imayenda modukizadukiza. Comb jelly imangoseseleka phee, thupi osasintha.

Kobulungira ka tiulusi tiwiriko kakufanana ndi mtundu wa comb jelly wotchedwa Pleurobrachia. Thupi lake limakhala masentimita 1 mpaka 2, koma ulusi wake umatalika kuposa thupilo kangapo ndipo uli ndi tinthambi mbali imodzi. Mukakasokoneza kamaukokera m'timatumba tiwiri ta m'thupi, choncho musanene msanga kuti kalibe ulusi. Ulusiwo suluma ayi, uli ndi zomata zogwirira tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi.

Mayi wa ku Rosettenville:
Zikomo bambo. Ndiye kuti ana akhoza kumatola?

Mayi wa ku Kempton Park:
Ayi achemwali, pamenepo musafulumire. Zimene anena bambowa n'zoona pa kanyama kamoyo kali m'madzi. Koma zimene ana amatola n'zakuti mafunde azitaya pamchenga, ndipo pamenepo mizere ija sionekanso bwino, pamangotsala chinthu chotereka. Chidutswa cha jellyfish yoluma chimaoneka chimodzimodzi, ndipo ulusi wake umalumabe ngakhale nyamayo itafa. Anawo muwauze asanatsike m'basi kuti chilichonse choonekera mkati chili pamchenga asachigwire.

Ku Durban chovuta kwambiri ndi bluebottle: kachikhodzodzo kampweya kabuluu koyandama pamwamba pa madzi, ndi ulusi wautali wabuluu. Mphepo ikamawomba kuchokera kunyanja imawakankhira kumtunda ambiri nthawi imodzi. Mwana akalumidwa, tsukani ndi madzi a m'nyanja omwewo, chotsani ulusi osaupekesa, kenako viikani malowo m'madzi otentha pafupifupi madigiri 45 kwa mphindi 20. Musapake mchenga, ndipo musayambe ndi madzi apampopi ozizira, chifukwa amachititsa kuti timinga totsalira pakhungu titulutse ululu wina. Akayamba kubanika kapena kutupa kumaso, itanani opulumutsa anthu pagombe pompo.

Bambo wa ku Turffontein:
Mayiwa anena zoona. Ndionjezereko za mitundu ina, poti si onse obulungira. Beroe ndi thumba lalitali lakukamwa kwakukulu, lopanda ulusi, nthawi zambiri lofiirirako, ndipo chakudya chake ndi ma comb jelly anzake. Mukaiunika bwino mumaona timitsempha tanthambinthambi pakati pa mizere. Palinso ena okhala ndi mapiko awiri ofewa mbali ya kukamwa, monga Bolinopsis. Amenewa ndi osalimba kwenikweni, amasweka ngakhale m'manja. Cestum ndi lamba wopyapyala woti akhoza kufika mita imodzi, ndipo mizere yake ili m'mphepete.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi nyama ina ya m'nyanja yotchedwa salp. Nayonso imaonekera mkati ndipo siluma, koma ili ndi malamba a minofu ozungulira thupi chopingasa, kadontho kakuda kapena kofiira kumapeto kumodzi, ndipo nthawi zambiri imalumikizana ndi inzake kukhala unyolo. Ilibe utawaleza wothamanga.

Mnyamata wa ku Braamfontein:
Amayi, ngati mukufuna anawo aone bwino, neti musagwiritse ntchito, imawaphwanya. Tengani botolo loonekera mkati lakukamwa kwakukulu, la malita awiri likwana. Munthu wamkulu alimize pang'onopang'ono pambali pa kanyamako kuti kalowe pamodzi ndi madzi. Ikani nsalu yakuda kumbuyo kwa botolo, ndipo unikani ndi tochi kuchokera m'mbali, osati kutsogolo, apo ayi kuwala kumabwerera pabotolo n'kuphimba zonse. Jambulani vidiyo m'malo mwa chithunzi, chifukwa foni imavutika kuloza chinthu choonekera mkati, pomwe pavidiyo mizere imadziulula ikamayenda.

Botololo likhale pamthunzi. Madzi ochepa amatentha msanga padzuwa la December ndipo kanyamako kamafa n'kuyamba kusungunuka, poti thupi lake ndi madzi oposa 95 peresenti. Pakatha mphindi zochepa kabwezereni pamene munakatenga. Musathiremo madzi akumwa, ndipo kuyesa kukasunga mu spiriti kuti mubwere nako ku Joni n'kutaya nthawi, kamangophwasuka.

Mayi wa ku Kempton Park:
Malo abwino owaonera ndi pamadzi odekha, m'mathamanda a pamiyala madzi akaphwa kapena m'mbali mwa doko, osati pamene mafunde akusweka. Vidiyo mukajambula ikani pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti lothandiza kuzindikira zamoyo, pamodzi ndi malo ndi tsiku, odziwa adzakuuzani mtundu wake weniweni. Posambira penipenipo, anawo akhale pakati pa mbendera za opulumutsa anthu, ndipo mukafika funsani opulumutsawo ngati tsikulo kuli ma bluebottle.