Kodi nzeru za asing'anga athu zingasungidwe pa kompyuta monga anachitira ku India?

Nabanda, Kawale:
Agogo anga, amene ankadziwa mizu ndi masamba ochizira matenda ambiri, anamwalira chaka chatha osasiya chilichonse cholembedwa. Ndamva kuti dziko la India linasonkhanitsa nzeru za mankhwala a makolo ake pa kompyuta. Kodi anachita bwanji, nanga ifenso tingathe?

Phiri, Area 25:
Pepani ndi imfa ya agogo, mayi Nabanda. Zimene mwamvazo n'zoona. Nkhokweyo imatchedwa Traditional Knowledge Digital Library, ndipo inakhazikitsidwa mu 2001 ndi bungwe lofufuza za sayansi la CSIR mogwirizana ndi boma. Chinawadzutsa ndi ichi: mu 1995 ofesi ya ku America inapatsa ofufuza ena chiphaso cha umwini pa kagwiritsidwe ntchito ka turmeric pochiza mabala, pomwe amayi a ku India akhala akupaka ufa wachikasuwo pa zilonda kuyambira kalekale. Chiphasocho chinathetsedwa mu 1997 Amwenye ataonetsa mabuku akale monga umboni. Mlandu wina wotere unali wa nimu, mtengo womwewu umene tili nawo m'makomo mwathu, ndipo ku Ulaya unatha mu 2005. Pofuna kupewa milandu yodula chotero, akatswiri anatenga zolembedwa za Ayurveda, Unani ndi Siddha, zomwe ndi njira zochizira za makolo ku India, za m'zinenero monga Sanskrit, Chiarabu ndi Tamil, n'kuzimasulira m'zinenero zisanu kuti oyang'anira ziphaso m'maiko ena azifufuzamo asanavomereze pempho.

Nangozo, Area 47:
Bambo Phiri afotokoza bwino, koma pali kusiyana kumene sitiyenera kukunyalanyaza. Amwenye anali ndi mabuku a zaka mazana ambiri, pamene nzeru zathu zili m'mitu ya okalamba, ndipo asing'anga ambiri saulula mankhwala awo chifukwa ndiwo chuma chawo. Choyamba n'kupempha chilolezo chawo ndi kugwirizana za amene adzapindule. Pambuyo pake mpamene tingajambule mawu awo pa foni, n'kutumiza zitsamba ku National Herbarium, malo osungira ndi kufufuza zomera ku Zomba, kuti akatsimikize mtundu wake, popeza dzina limodzi limatha kutanthauza mitengo yosiyana ku Dowa ndi ku Mulanje.

Mbewe, Biwi:
Ine nkhawa yanga ndi yakuti anthu angaganize kuti mankhwala akalembedwa pa kompyuta ndiye kuti ayesedwa. Nkhokwe ya ku India imasonyeza kuti nzeruzo n'zakale, osati kuti zimachiza. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2008 anapeza kuti pafupifupi amodzi mwa mankhwala asanu aliwonse a Ayurveda ogulidwa pa intaneti anali ndi mtovu, mercury kapena arsenic, zomwe ndi poizoni m'thupi. Mayi Nabanda, ngati azakhali kapena amalume anu ankatsagana ndi agogo kuthengo, yambani ndi iwowo, ndipo mulembenso muyezo umene ankapereka kwa ana ndi kwa amayi oyembekezera.

Nabanda, Kawale:
Zikomo nonse. Azakhali anga ali moyo ku Mitundu, ndipo ndikawaona Loweruka likubwerali.