Za konsati ya country ija, tinapitadi

Abale, paja ndinafunsa ngati nzotheka kupita ndi ana komanso amayi anga, omwe abwera kudzationa kuchokera ku Zomba, ku konsati ya country kuno ku America, poti ndimaopa chiphokoso ndi anthu oledzera. Ambiri munati tiyese Grand Ole Opry ku Nashville, nde tinapitadi, zikomo kwambiri munatithandiza zedi.

Chomwe chinandisangalatsa nchoti sikuti ndi woimba mmodzi usiku onse ayi, amabwera angapo aliyense nyimbo zochepa basi kenako wina, nde ana sanatope, akangoyamba kuboweka kwalowa kale ena ndi banjo ndi fido (vayolini). Aliyense amakhala pampando wake, holoyo imalowa anthu opitilira 4,000 koma za chipwirikiti kunalibe. Komanso ndi pulogalamu ya pawailesi, inayamba 1925 pa wailesi ya WSM ndipo mpaka pano imaulutsidwa live, muulutsi amawerenga malonda pompo pasiteji, amayi anangoti koma ngati wailesi ya kwathu kale.

Pakati pa siteji pali thabwa lozungulira lomwe analidula ku Ryman Auditorium, holo yomwe Opry inkachitikira kale, posamuka mu 1974, oimba amaima pamenepo. Nditawauza amayi kuti Don Williams, yemwe malemu bambo ankamukonda koopsa, nayenso anali membala wa Opry, misozi inalengeza, inenso zinandikhudza.

Amene mukufuna kupita gulani matikiti msanga pa intaneti, muonenso mndandanda wa oimba poti umasinthasintha. Kamwana kakang'ono katengereni zotseka m'makutu, wathu pena amadandaula kuti zikusokosa.