Mwana wa ku Thyolo angapikisane ndi okulira kunja pa ntchito yoyendetsa ndege?

Malume_Luchenza analemba:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mwana wa mlongo wanga wakhoza bwino MSCE, makamaka masamu ndi physics, ndipo mtima wake wonse uli pa zoyendetsa ndege. Kubanja tikuganiza zogulitsa munda wina kuno ku Luchenza, tiwonjezere ndi ngongole, akaphunzire ku South Africa. Koma anthu akutiopseza kuti malo ku Malawi Airlines ndi ochepa, ndipo ana a Amalawi okulira ku UK ndi ku America amabwera ndi ziphaso za komweko ndi Chingerezi chosalala, ndiye wa kumudzi amangotsala. Kodi ndi zoona? Olemba ntchito amayang'ana chiyani kwenikweni?

Chiperoni737 anayankha:

Malume, tisiyanitse kaye zinthu ziwiri: kumene munthu anakulira, ndi zimene zalembedwa mu laisensi ndi mu logbook yake, buku lolembamo maola amene wauluka. Fayilo ikatsegulidwa, amayambira pa zachiwirizi.

Malinga ndi malamulo a ICAO (bungwe loona za ndege pa dziko lonse), omwe dziko lathu limatsata, CPL, laisensi yolola munthu kulipidwa poyendetsa ndege, imafuna zaka 18 ndi maola 200 a mumlengalenga, kapena 150 ngati waphunzira pa ndondomeko imodzi yovomerezeka yosadukiza. M'maola amenewo muyenera kukhala ulendo wa makilomita 540 iye ali mwini chiwongolero, atatera pa mabwalo awiri osiyana, komanso maola 5 a usiku ngati akufuna kuuluka kukada. Pamwamba pake pamafunika instrument rating, yoti aziuluka m'mitambo osaona pansi, ndi multi-engine, ya ndege za mainjini awiri. Popanda ziwirizi kampani ya ndege zazikulu siingamuitane. ATPL, ya ukaputeni, imadza patsogolo: zaka 21 ndi maola 1,500.

Tsono wochokera ku sukulu ya ku South Africa amatuluka ndi maola cha m'ma 200, wa ku America ndi maola 250 kapena ocheperapo pang'ono. Pa maola sasiyana kwambiri. Ndipo ku America, kuyambira 2013, munthu salowa mpando wakumanja, wa wothandizira kaputeni, pa kampani ya ndege asanafike maola 1,500, kupatula magulu ochepa, n'chifukwa chake ena a kumeneko amaponya maso kumudzi.

Chiphaso cha FAA ya ku America kapena EASA ya ku Ulaya sichigwira chokha kuno. Lamulo ndi lakuti woyendetsa akhale ndi laisensi yoperekedwa kapena kuvomerezedwa ndi dziko limene ndegeyo inalembetsedwa. Mukapita pa Chileka yang'anani zilembo za kumchira: 7Q ndi Malawi, ET ndi Ethiopia. Aliyense, wa ku London kapena wa ku Thekerani, amayenera kusinthitsa kapena kuvomerezetsa chiphaso chake, ndipo kawirikawiri zimenezi zimafuna mayeso a malamulo a zandege ndi kuyezedwa thupi.

Pamene wa ku Ulaya amaposa ndi apa: ambiri amabwera atalemba kale mayeso onse 13 a ATPL, iliyonse yokhoza ndi 75 peresenti, komanso atachita MCC, maphunziro a momwe anthu awiri amagawirana ntchito m'chipinda choyendetsera. Tsiku la mayeso a mu simulator, makina oyerekezera kuyendetsa ndege uli pansi, zimaonekera msanga. Wozolowera kuuluka yekha mu ndege yaing'ono ya Cessna amafuna kugwira zonse, wailesi, checklist, chiwongolero, osauza mnzake kanthu, ndipo amalephera ngakhale manja ake ali abwino. Choncho mwanayo asabwerere ndi CPL yokha. Alembe mayeso a ATPL akadali komweko mutu uli wotentha, achitenso MCC.

Za Chingerezi musade nazo nkhawa kwambiri. Chofunika ndi Level 4 pa muyeso wa ICAO wofika pa 6. Sayesa ngati ukumveka ngati mzungu, amayesa ngati ungamveke bwino ndi kufotokoza vuto zinthu zikasokonekera.

Anaphiri_Chitakale anayankha:

A Chiperoni anena zoona pa mapepala, koma mpikisano weniweni suli tsiku la intavyu. Uli pa miyezi imene mwana amakhala akudikira.

Kampani yathu ya Malawi Airlines ndi yaing'ono. Inayamba kuuluka mu 2014 Air Malawi itatha, boma lili ndi magawo 51, Ethiopian Airlines 49, ndipo ndege zake ndi zowerengeka, Boeing 737 ndi Q400. Malo amatseguka pokhapokha pabwere ndege yatsopano, wina achoke, kapena kaputeni afike zaka 65. Ndiye munthu akhoza kumaliza sukulu n'kudikira nthawi yaitali chilengezo chisanatuluke. Pamene akudikirapo mapepala amafa limodzilimodzi. Chiphaso cha dokotala cha Class 1 chimatha pa miyezi 12. Instrument rating imafuna kuyesedwanso nthawi ndi nthawi, m'mayiko ambiri chaka chilichonse. Kuti anyamule anthu ayenera kukhala atanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo. Zonsezi ndi ndalama zakunja. Wokulira kunja amagwira ntchito ina iliyonse komweko, malipiro a mwezi umodzi n'kulipira maola angapo pa bwalo lapafupi. Wathuyu akabwerera ku Luchenza, miyezi isanu ndi itatu osakhudza ndege, manja amazizira. Chilengezo chikatuluka, wina ali ndi maola a sabata yatha, wina a chaka chatha.

Dziwaninso kuti kuyambira pomwe nyumba ya malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018, mwana wa Mmalawi wokulira kunja akhoza kubwera ngati nzika, osafuna TEP, chilolezo chogwirira ntchito kuno, ngati mlendo. Ndi ufulu wake, ndipo sitingamutsekere khomo. Chotsala ndi kukonzekeretsa wathu.

Pa ndalama, zolakwika zimene zimagwetsa mabanja ndi izi. Amawerengera mtengo wa maola ochepetsetsa a lamulo, pomwe ophunzira ambiri amabwereza maphunziro ena, ndiye pa mtengo umene sukulu yakuuzani onjezerani gawo lina lapadera, kuphatikizapo nyumba, chakudya, visa, mabuku ndi malipiro a mayeso. Amaiwala kuti kwacha imagwa: mu Novembala 2023 inatsika ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali pakati pa maphunziro ngongole yawo inakula usiku umodzi. Ndalama zikadukiza miyezi iwiri, mwana akabwerera mu ndege amayamba wabwereza zimene anazidziwa kale, n'kulipira maola omwewo kawiri. Koma musathawirenso mbali ina n'kupereka ndalama zonse ku sukulu kamodzi, chifukwa sukulu zoyendetsa ndege zimatha kutseka. Lipirani m'magawo, PPL kaye, laisensi yoyamba yosalola kulipidwa, kenako zouluka usiku, kenako kuonjezera maola, kenako CPL, ndalama zotsalazo zili m'manja mwanu.

Mwanayo akamaliza asakhale pakhomo. Instructor rating, yomulola kuphunzitsa ena kuuluka, ndi njira yodalirika yoonjezera maola uku akulipidwa. Ina ndi ndege zing'onozing'ono za alendo, monga zopita ku Likoma, kapena ku Maun ku Botswana komwe achinyamata ambiri amayambira pa Cessna 206 n'kukwera pa Caravan. Ndipo asagule yekha type rating ya 737, chilolezo choyendetsa mtundu umenewo wa ndege, alibe kalata ya ntchito. Ndi yodula, imafuna kukonzedwanso chaka chilichonse mu simulator, ndipo popanda maola a pa ndege yeniyeniyo siilemera kanthu.

MlomweWaKuMuloza anayankha:

Ine sindikugwirizana ndi zoti zonse zisiyidwe m'manja mwa banja. Ngati khomo lokhalo ndi la amene angadzilipirire, ndiye mwana wa mayi wothyola tiyi sadzafikako ngakhale akhale ndi mutu wotani. Mayiko ena amasankha ana pa mayeso a masamu, physics ndi luso la manja, kampani kapena boma n'kulipira, mwana n'kusayina bond yogwira ntchito zaka zingapo. Mnzathu wa magawo 49, Ethiopian Airlines, ali ndi sukulu yake yaikulu ku Addis Ababa. Njira yotere ndi imene tiyenera kumaikakamira kwa aphungu athu, chifukwa pa mayeso otero wa ku Muloza ndi wa ku Manchester amayambira pa mzere umodzi.

Bond imathandizanso pa nkhani yothawa. Wokhala ndi pasipoti yachiwiri akakwanitsa maola 1,500 msewu wake wobwerera ndi wotseguka, kampani n'kutsala ikuphunzitsa wina.

Anaphiri_Chitakale anayankha:

Pa bond tili limodzi, achimwene. Koma kuthawa si kwa a pasipoti ziwiri okha. Aliyense wa maola ambiri pa 737 amakopeka ndi malipiro a ku Dubai ndi ku Doha, wobadwira ku Muloza yemwe. Chenjezo lina pa njira ya ukadeti imene mukunenayi: ngati laisensi yake ndi MPL, ya wothandizira kaputeni, imamangidwa pa ntchito ya anthu awiri pa kampani imodzi. Kampaniyo ikasintha maganizo iye asanapeze maola, sangangopita kukayendetsa Caravan yekha popanda maphunziro oonjezera. Awerenge bwino asanasayine.

Malume_Luchenza analemba:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndiye poyambira penipeni ndi pati, munda tisanaugwire?

Chiperoni737 anayankha:

Poyambira ndi kwa dokotala, malume, osati ku sukulu. Akayezetse Class 1 kwa dokotala wovomerezedwa ndi a zandege, osati Class 2 imene imakwanira PPL yokha. Amayeza maso, makutu pa makina, mtima pa ECG, BP ndi shuga. Magalasi okha nthawi zambiri si vuto. Chimene chimagwetsa anyamata mosayembekezera ndi kusasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira pa mabuku a Ishihara, vuto lobadwa nalo limene munthu amakula osalidziwa, ndipo lilibe mankhwala.

Akadutsa pamenepo, lemberani a Civil Aviation ku Lilongwe muwafunse ngati laisensi ya dziko ndi sukulu mwasankhayo amaivomereza, ndi zimene adzafune poisintha. Yankho likhale la pa pepala. Kenako mulipirireni ola limodzi kapena awiri mu ndege yaing'ono ali ndi mphunzitsi, masana kukutentha ndege ikamagwedezeka, aone ngati thupi lake likulola. Ndipo pa ndalama za mundawo mupatule zokwanira chaka chimodzi chosunga mapepala amoyo akamaliza. Ngati zimenezo sizikukwana, dikirani kaye, alowe koleji kuno uku mukusonkhanitsa. CPL siifuna kuti munthu aipeze akangomaliza MSCE.