Kuzembera mbawala ndi uta wamtengo: ndizisendera bwanji mpaka mamita 15?

Kamuvi: Akuluakulu, funso langa ndi la mbawala za mchira woyera za kuno ku Pennsylvania, ku America, zija amati white-tailed deer. Laisensi ilipo, uta ndi recurve (wa nsonga zopindikira kutsogolo) wofuna mphamvu ya mapaundi 45 pokoka nsinga. Munthu woyenda pansi, osakwera mumtengo, amatani kuti aziyandikire zisanamutulukire?

Mlenje_Wakale: Achimwene, yambani ndi mphepo, zinazo pambuyo. Mbawala ikakuonani kapena kumva tswa imatha kuima n'kumakayika, koma ikangomva fungo lanu basi yapita. Muziyenda mphepo ikukuombani kumaso kapena chammbali. Tengani phulusa louma m'kansalu, monga amachitira alenje akwathu, muzikung'untha pang'ono pafupipafupi n'kuona kumene likulowera. Kumapiri samalani: madzulo ndi m'bandakucha mpweya wozizira umatsetserekera kunsi, dzuwa likatenthetsa mtunda umayamba kukwera. Choncho m'mamawa fungo lanu limapita kuchigwa, koma dzuwa likakwera limanka kumtunda, kumene nthawi zambiri mbawala zimagona. Zopopera zobisa fungo zija musazidalire, n'kutaya ndalama.

Kayendedwe: mapazi awiri kapena atatu, imani, yang'anani kwa mphindi zingapo. Mamita 100 pa ola si ulesi ayi. Poima muziima pamthunzi, mutatsamira mtengo. Musamafune kuona nyama yathunthu. Funani khutu logwedezeka, mwendo, kapena mzere wamsana wopingasa pakati pa mitengo yoimirira. Tsiku labwino ndi lomwe kwagwa kamvula usiku, masamba ali nyowe.

NaPhiri_PA: Ndiwonjezere za khalidwe la mbawala. Maso ake ali m'mbali mwa mutu, ndiye imaona pafupifupi mozungulira, ndipo chimene imagwira msanga ndi kugwedezeka. Mtundu wofiira ndi wa olenji siiuzindikira bwino, koma wabuluu imauona, ndiye jinzi siyani kunyumba. Sunthani pokhapokha yaweramitsa mutu kapena mutuwo wabisika kuseri kwa mtengo. Ili ndi kachinyengo: imaweramira ngati ikudya, kenako dzuu mwadzidzidzi kuti ikupezeni mukusuntha. Ikamenya pansi ndi chiboda chakutsogolo, yakayika, umani gwa. Ikapemerera mwamphamvu m'mphuno n'kuimika mchira, zatha, ndipo zinzake zonse zamva.

Mu Okutobala fufuzani mitengo ya m'nkhalango za kuno yotchedwa white oak imene ikuyoyola zipatso. Mbawala zimazikonda kuposa za mtundu unzake wa red oak chifukwa siziwawa kwambiri. Kuchiyambi kwa Novembala zamphongo zimasaka zazikazi ngakhale masana, osasamala kwenikweni. Mudzaona zizindikiro zawo: timitengo tosupuka makungwa ndi nyanga, ndi malo opalasidwa pansi pa kanthambi kolendewera. Yaikazi ikadutsa, musafulumire kunyamuka, yamphongo ikhoza kukhala m'mbuyo.

Chauta_ndi_Muvi: Zakuyandikira anena bwino, koma ambiri amalakwa polasa. Muvi wa recurve umathamanga mamita 50 kapena 55 pa sekondi, pamene phokoso la nsinga limathamanga mamita 340. Nyama imamva kulira kwa uta muvi usanafike, n'kugwada kuti idumphe, muvi n'kudutsa pamwamba kapena kulasa msana. N'chifukwa chake musapitirire mamita 18, musalase nyama yotchera makutu kwa inu, ndipo lozani mmunsi, kuseri kwa mwendo wakutsogolo. Iime chopingasa kapena chokufulatirani pang'ono. Yoyang'anizana nanu isiyeni, fupa la phewa limaimitsa muvi. Mpaliro ukhale wakuthwa mometa ubweya wapamkono.

Mukalasa, musaithamangire. Ikani chizindikiro pamene inaima, kenako onani muvi. Magazi ofiirira owala, a thovu, ndi mapapo: dikirani theka la ola. Ofiira moderapo ndi chiwindi: maola anayi kapena kuposerapo. Muvi ukanunkha, uli ndi zobiriwira, ndi matumbo: tulukani mwakachetechete, mubwere pakatha maola asanu ndi atatu mpaka khumi ndi awiri. Yovulala imagona pafupi ikasiyidwa, koma mukaidzutsa imathamanga kutali, magazi n'kusiya kudontha.